Chimanga chikatsika mtengo, walipira ndani?

Chimanga chikatsika mtengo, ife a m'tauni timaomba m'manja. Koma Amalawi anzanga, ndikufuna tifunsane mosapsatira: ndalama imene yatsala m'thumba mwathuyo yachokera kwa yani?

Tiyerekeze thumba limodzi la makilogalamu 50. Mayi wa ku Ndirande ndi wokonzeka kulipira mpaka K40,000. Mlimi wa ku Mchinji, atawerengera feteleza, mbewu, aganyu ndi thukuta lake, sangalole kuligulitsa pansi pa K25,000. Akagwirizana K30,000, mayi uja wapulumutsa K10,000 ndipo mlimi watsala ndi K5,000 yapamwamba. Akatswiri a zachuma amati loyambalo ndi phindu la wogula, lachiwirilo ndi phindu la wogulitsa, ndipo Alfred Marshall wa ku England anazilongosola m'buku lake la 1890. Awiriwa agawana K15,000, aliyense wapita kwawo akumwetulira.

Tsono boma lilamule kuti thumbalo likhale K26,000. Mayi wapindula K14,000, mlimi K1,000 yokha. Palibe chuma chatsopano apa, ndalama yangosamuka thumba. Choopsa nchakuti mlimi wina amene anawononga K28,000 polima thumba lomwelo, chaka chamawa salimanso chogulitsa. Phindu limene likanakhalapo pa thumba lakelo silipita kwa wina aliyense, langotayika.

Izi si za m'buku chabe. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, inkagula fodya, thonje ndi mtedza wa alimi ang'onoang'ono pa mitengo yotsika zedi poyerekeza ndi ya kunja, ndipo phindulo linkakathandiza maesiteti ndi makampani a akuluakulu. Mlimi analibe kwina kogulitsa, ndipo kudandaula kunali kudziputira mavuto. Amalonda ena analoledwa kugula mbewu mu 1987, ndipo mlimi wam'mudzi anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale mu 1990.

Khalidweli silinathe ndi chipani chimodzi. Mu 2017 dziko lino linakolola bwino, koma chiletso chogulitsa chimanga kunja chinakhalapobe mpaka kumapeto kwa chaka. Mitengo inagwa, ife tinadya motchipa, alimi analira.

Sindikunena kuti wosauka wa m'tauni agone ndi njala, ayi. Ndikuti ngati boma likufuna kumuthandiza, litero poyera, ndi ndalama za msonkho zimene aphungu akambirana ku Nyumba ya Malamulo, aliyense nkuziona. Kutsitsa mtengo mokakamiza ndi msonkho wobisika, ndipo woulipira ndi uja amene sitimumva chifukwa ali kutali ndi wayilesi ndi nyuzipepala.

Mlimi apatsidwe ogula ambiri, masikelo achilungamo ndi misewu yabwino. Akagwa ulesi nkuchepetsa munda, chimanga chidzasowa ndipo mtengo udzatipweteka ndife tomwe. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.