Kamera yokoka patali pa ulendo wa ku Liwonde

Mabanja angapo atifunsa ngati n'kwanzeru kugula kamera pomwe foni ili kale m'thumba. Yankho lathu likudalira chimene mukufuna kukajambula. Ngati ndi ana akusewera kapena achibale pa chinkhoswe, foni ikukwanirani, sungani ndalamazo. Koma mukakwera boti pa mtsinje wa Shire ku Liwonde, nkhwazi itatera pamwamba pa mgwalangwa kutsidya, foni idzakupatsani kadontho koyera basi.

Apa m'pamene pamafunika kamera imene ogulitsa amaitcha bridge camera. Imaoneka ngati ya atolankhani, koma galasi lake silichotsedwa, ndipo limakoka zinthu zakutali modabwitsa. Nikon Coolpix P900, yomwe inatuluka mu 2015, imakoka maulendo 83. P1000 ya mu 2018 imafika pa 125, pamene Canon SX70 HS imafika pa 65. Kuti mufike patali chonchi ndi kamera yosintha magalasi, mungafunike galasi lalitali ngati munsi, la mtengo woti n'kumangira nyumba.

Ubwino umene ife timauika patsogolo ndi woti simuyandikira nyama. Chiyambire 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde mogwirizana ndi boma, nyama zolusa zabwerera: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018. Onjezani njovu, mvuu ndi ng'ona zimene zinalipo kale. Munthu wa foni amangokakamiza woyendetsa kuti asendere pang'ono, asenderenso pang'ono, ndipo njovu ya mwana siseka naye munthu wotero. Wa kamera yokoka amakhala phee pamalo pake, n'kujambula mpaka makwinya a pachitamba. Chinanso, ngati mwadzera njira ya ku Ulongwe m'boma la Balaka kupita ku Mvuu, mukulidziwa fumbi lake nthawi ya chilimwe. Poti galasi silichotsedwa, simutsegula kamera pafumbipo.

Tsono zofooka zake n'zimene ogulitsa sanena. Kuti ikoke patali chonchi popanda kukula ngati mtondo, kachipangizo kake kolandira kuwala, sensa, anakachepetsa kwambiri: mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, kosafika n'chikhadabo cha chala chaching'ono. Ndiponso mukamakoka, kuwala kolowa kumanka kuchepa. Dzuwa likawala, zithunzi zimatuluka bwino. Kukangoyamba chisisira, zimadzaza timadontho ngati mchenga, ndipo nyama yoyenda imaoneka ngati yofufutidwa. Vuto lake n'lakuti mbandakucha ndi chisisira ndi nthawi yomwe mikango imayenda ndipo mvuu zimatuluka m'madzi kukadya. Kadzidzi wodya nsomba uja, amene okonda mbalame amamulondola ku Liwonde kuchokera kunja, amabisala mumthunzi wa mitengo ikuluikulu, m'malo enieni amene kamera yotere imavutika.

Mwina mukuti, ndiye tizijambula masana. Ayi ndithu. Amene anakhalapo ku Liwonde kapena ku Balaka mu Okutobala amadziwa mmene mpweya umavinira pamwamba pa nthaka dzuwa likafika paliwombo. Kamera imakoka mpweya wovinawo pamodzi ndi nyamayo, ndipo mphalapala ili patali imatuluka yopindikapindika. Palibe batani lothetsa zimenezi. Nthawi yabwino ndi yapakati: kuyambira dzuwa litakwera pang'ono mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako kuyambira cha m'ma 3 koloko dzuwa lisanafiire.

Palinso kugwedera. Mukakoka mpaka kumapeto, ngakhale kupuma kwanu kumasuntha chithunzi, nanji m'boti injini ikulira. Pemphani woyendetsa azimitse, tsamiritsani zigongono pachifuwa, kapena ikani kamera pa kathumba ka nyemba pawindo la galimoto. Mbalame ikatayika pagalasi, bwezani kukokako, ipezeni, kenako kokaninso. Mbalame youluka, kunena zoona, nthawi zambiri imapita kamera isanaione bwino.

Nanga kulemera? P900 imalemera pafupifupi magalamu 900, P1000 makilogalamu 1.4. Pasitolo zimaoneka zochepa, koma khosi lidzakuuzani madzulo. Lamba wake muzimupingasa paphewa. Batire la P1000 limatha litajambula zithunzi pafupifupi 250, choncho lachiwiri n'lofunika, makamaka poti magetsi athu mukuwadziwa.

Ife tikuona kuti kwa banja, kamera yokoka maulendo 60 kapena 65 ndi yokwanira, ndipo mwana wa sitandade 7 angathe kuigwira. Manambala aakulu aja amakopa m'maso, koma masiku amene mpweya wa m'chigwa cha Shire ungakuloleni kuwagwiritsa ntchito ndi owerengeka. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, kokani galasi mpaka kumapeto n'kulibweza kangapo mukumvetsera ngati likukhula, liunikeni ndi tochi kuti muone nkhungu m'kati, ndipo jambulani kumwamba kopanda mitambo: madontho akuda akaoneka pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, ndiye kuti fumbi linalowa kale, ndipo m'kamera yosatseguka ngati iyi simungalipukute nokha.