Make mbuu, mwana mbuu: matenda osowa dzina m'Chichewa cha ku Chitungwiza

Ndime 6 ya malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013 idatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo pa mndandandawo Chichewa ndicho chili poyambirira. Ndime 76 ya malamulo omwewo imapatsa nzika iliyonse ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo, kuphatikizapo cha uchembere. Akatswiri a ziyankhulo adaombera m'manja ndime yoyambayo, nailemba m'mapepala ndi kuikamba m'misonkhano. Funso limene adalisiya ndi lakuti kodi ndime ziwirizi zimakumana pati. Zimayenera kukumana m'chipinda cha namwino, pamene mayi akufotokoza zimene zikuchitika m'thupi mwake, ndipo pali matenda amodzi amene akuonetsa poyera kuti kumeneko sizidakumanebe.

Matendawa akhala akudziwika kwa zaka zambiri ndi dzina la Chingerezi lakuti polycystic ovary syndrome, mwachidule PCOS. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, adawafotokoza m'chaka cha 1935 atapima amayi 7. Gwero lake ndi kusokonekera kwa mahomoni: thupi la mkazi limakhala ndi mahomoni achimuna opitirira muyeso, ndipo kawirikawiri silimvera bwino insulini, amene amayendetsa shuga m'magazi. Zotsatira zake mazira sakhwima pa nthawi yake, msambo umadumphadumpha kapena kusowa kwa miyezi, ndevu zimamera, ziphuphu sizitha, thupi limanenepa msanga, ndipo kutenga pathupi kumavuta. Malinga ndi bungwe la WHO, pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka ali ndi matendawa, ndipo odwala mpaka 70 mwa 100 alionse sadauzidwepo chimene chikuwavuta.

Mzinda wa Chitungwiza, kummwera kwa Harare, udakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza malokeshoni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 adapezamo anthu oposa 370,000. Pakati pawo pali zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'mafakitale a ku Salisbury, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera mwa Mthandizi. Ambiri sadabwerere, ndipo kwawo adawatcha machona. Chichewa chawo sichidafe. Chimamveka pamaliro, m'mipingo, ndi m'nyimbo za sungura za oimba ngati Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene adatchuka akukhala mumzinda womwewu. Palibe chifukwa choganizira kuti matenda ofala chonchi adalambalala makomo a anthu amenewa.

Chimene akatswiri a ziyankhulo ayenera kumvetsa n'chakuti matendawa amapezeka ndi mawu asanapezeke ndi makina. Pa msonkhano wa ku Rotterdam m'chaka cha 2003 madokotala adagwirizana kuti mkazi azipezeka ndi zizindikiro ziwiri mwa zitatu izi: msambo wosayenda mwadongosolo, umboni wa mahomoni achimuna ochuluka, ndi timatumba tambirimbiri tooneka pa sikani m'nkhokwe za mazira. Asanagamule amayenera kutsimikiza kuti si matenda ena ofanana nawo, monga a chithokomiro. Ndondomeko ya padziko lonse ya 2023 idanenetsa kuti zizindikiro ziwiri zoyambazo zikapezeka kujambula ndi sikani sikufunikanso, ndiponso kuti sikuyenera kudaliridwa kwa mtsikana amene sadakwanitse zaka 8 chithereni msinkhu. Tsono pa zizindikiro ziwiri zimenezi, china chimaoneka ndi maso, ngati wodwalayo sadamete, pamene chinacho chimangotuluka m'kamwa mwa mwini wake. Dokotala alibe makina oyezera kuti masiku apakati pa msambo ndi msambo akupitirira 35, kapena kuti chaka chatha mayiyo adasamba kosakwana ka 8. Ayenera kufunsa, ndipo wofunsidwayo ayenera kukhala ndi mawu oyankhira.

Apa ndi pamene chiyankhulo chimapunthwa. Chichewa chili ndi mawu aulemu onena za msambo: ali kumwezi, akusamba, sakuthira mchere. Ntchito ya mawuwa ndi kuphimba, ndipo sathandiza kuwerenga masiku. Mawu onena za kusabereka nawonso ndi zigamulo zokhazokha: chumba, wouma, ndipo anansi a Chishona amati ngomwa. Mwa onsewa palibe limene limapereka ganizo lakuti vutoli lili ndi chifukwa chake m'thupi ndiponso lili ndi mankhwala. Womasulira akayesa kutsata dzina la Chingerezi liwu ndi liwu amatulukira ndi "zotupa zambiri m'mimba", mayi n'kumva khansa kapena opaleshoni. Chikhalirecho si zotupa konse, koma timatumba ta mazira amene adayamba kukula n'kuima panjira. Dzinalo n'losokeretsa ngakhale m'Chingerezi momwemo, moti gulu la akatswiri limene bungwe la National Institutes of Health la ku America lidasonkhanitsa m'chaka cha 2012 lidapempha kuti lisinthidwe. Chichewa chilibe chifukwa cholowera chokolo cha cholakwa chimene eni ake adachivomereza kale.

Mbali yachiwiri ndi ya chibale, pakuti matendawa amayenda m'magazi. Kafukufuku wa mapasa wa ku Netherlands wa 2006 adapeza kuti pafupifupi magawo 70 mwa 100 a kusiyana kwa chiopsezo pakati pa akazi amachokera ku zotengera kwa makolo. M'chaka cha 1998, ku America, Richard Legro ndi anzake adapima achemwali a odwala, napeza kuti 22 mwa 100 alionse adali ndi matendawa, pamene ena 24 adali ndi mahomoni achimuna okwera ngakhale msambo wawo udali wabwinobwino. Kafukufuku wa ku Sweden wa 2019 adaonetsa kuti mwana wamkazi wa mayi wodwala matendawa ali ndi chiopsezo chowirikiza kasanu. Atate ndi alongo a odwala nawo amapezeka ndi vuto la insulini ndi shuga kuposa anzawo. Mbiri ya banja siili pa zizindikiro zitatu za ku Rotterdam zija, komabe ndi imene imachenjeza namwino kuti asabweze mtsikana ndi mawu akuti zidzakonzeka zokha akadzakwatiwa, ndiponso kuti amuyeze shuga msanga.

Funso lakuti, "Kodi kwanu alipo amene adavutikapo chonchi?" limaoneka lopepuka. Koma kwa mdzukulu wa mtchona, kwanu n'kuti? Mwa Achewa mbiri ya mbumba imasungidwa kuchikazi, ndi agogo, amayi aakulu ndi aang'ono, pamodzi ndi anamkungwi. Ulendo wa ku Rhodesia udadula chingwe chimenecho: achemwali a agogo adatsala ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Angonia, ndipo za uchembere wawo sizidalembedwe m'kalata iliyonse. Kusintha kwa lamulo la unzika m'chaka cha 2001 kudasiya ambiri a mabanjawa opanda unzika, ndipo wopanda pasipoti sakaona abale. Pamene malamulo a 2013 ankakonza zimenezi n'kuti ambiri mwa odziwa mbiriyo atatsikira kulichete.

Ena anena kuti nkhaniyi ikukokomeza, popeza achinyamata a ku Chitungwiza amayankhula Chishona, ambiri a iwo bwino kuposa Chichewa. Zimenezo n'zoona, koma sizithetsa mlandu. Amene akudziwa kuti mayi wamng'ono uja adakhala zaka zambiri pabanja asanaone mwana, kapena kuti agogo akuchikazi ankazula ndevu mobisa n'kudzamwalira ndi shuga, si mtsikanayo ayi. Ndi gogo wapakhomo, ndipo zoterezi gogo amazinena, akazinena n'komwe, m'chiyankhulo chimene adalangidwira. Motero dokotala amalemba m'Chingerezi, namwino amafunsa m'Chishona, pamene umboni wagona m'Chichewa. Mtsikana amene wapatsidwa zilembo zinayi papepala alibe pomwe angayambire pofika kunyumba, chifukwa gogo sangazindikire m'zilembozo mavuto amene adawaona ndi maso ake pakati pa abale ake.

Palinso ngozi ina. Mayi akangouzidwa mwachidule kuti ali ndi "matenda akumtundu", mawuwo akafika m'makutu mwa apongozi amasanduka chida. Kumene malowolo adaperekedwa, mtundu wonse wa mkazi umakhala pa mlandu, ang'ono ake amayamba kulozedwa zala, ndipo mwambi wakuti make mbuu, mwana mbuu umanenedwa monyodola. Koma zoona zake n'zosiyana ndi zimenezo. Chotengeracho chimadzera kuchikazi ndi kuchimuna komwe. Akazi ochuluka odwala matendawa amabereka, ena mwa iwo okha, ena mothandizidwa ndi mankhwala ngati letrozole, amene ndondomeko ya padziko lonse ya 2018 idawaika patsogolo pothandiza mazira kukhwima. Metformin amathandiza pa vuto la insulini, ndipo mapiritsi a mahomoni amakonza msambo. Ndiponso pafupifupi pa theka la mabanja osowa mphatso ya mwana, vuto limakhudza mwamuna. Chimene chimaononga ndi kusadziwa: mayi wosapimidwa amayandikira matenda a shuga osazindikira, ndipo kukhala miyezi yambiri osasamba kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'kati mwa chiberekero. Zonsezi zimafuna ziganizo zomveka, zoti mkazi angathe kuzibwereza pamaso pa ankhoswe.

Ndani, tsono, ayenera kuyankha mlanduwu? Si namwino, amene sadaphunzitsidwe kupanga mawu, ndipo si gogo. Ndi awo amene ntchito yawo ndi chiyankhulo. Sangadzikhululukire ponena kuti n'zosatheka. Bungwe la African Languages Research Institute la pa University of Zimbabwe lidatulutsa Duramazwi reUrapi neUtano, mtanthauziramawu wa Chishona wa mawu azachipatala, m'chaka cha 2004. Ku Zomba, Centre for Language Studies, imene idakhazikitsidwa mu 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, akatswiri a pa Midlands State University adamasulira mauthenga ake m'ziyankhulo za m'dzikolo mosazengereza. Luso lilipo, mabungwe alipo. Matenda a akaziwa atsalira chifukwa sapha msanga, sapatsirana, ndipo odwala ake adaphunzitsidwa kuvutika mwakachetechete.

Ntchito yofunikayo si yaikulu kuposa kafukufuku wa wophunzira mmodzi wa digiri yachiwiri. Akhale pansi ndi anamwino, azamba ndi anamkungwi a ku St Mary's ndi ku Zengeza, amve mmene amayi amanenera zinthuzi akakhala okhaokha, ayerekeze ndi zimene zimanenedwa ku Zomba ndi ku Chipata. Pazimenezo patuluke dzina lonena za kusokonekera kwa mahomoni, lopanda liwu lakuti chotupa ndiponso lopanda fungo la temberero. Patulukenso mafunso ochepa aulemu owerengera masiku a msambo, ndi kapepala ka m'Chichewa ndi m'Chishona kamene mtsikana angapite nako kunyumba, kofotokozera gogo chifukwa chimene chipatala chikufunira mbiri ya achemwali ake. Safunsa adadya phula, adatero akale. Koma wofunsa afunika mawu ofunsira, ndipo mawuwo ali ndi anthu amene amalandira malipiro kuti awasonkhanitse. Kufikira atatero, malo oyamba amene Chichewa chidapatsidwa pa ndime 6 alibe phindu kwa mayi amene akudikira pa benchi ya chipatala ku Chitungwiza, osadziwa kuti chimene chikumuvuta chidavutanso amayi ake.