Chisanu cha ku Lucan, khungu lathu ndi mtima

M'chaka cha 1758 kunapezeka kasupe wa madzi a fungo la salifa m'mphepete mwa mtsinje wa Liffey kuno ku Lucan, m'dziko la Ireland. Mbiri itawanda yoti madziwo amachiza nthenda za pakhungu, anthu a mumzinda wa Dublin anayamba kukhamukira kuno kudzamwa, ndipo dzina la Spa Hotel linachokera pa kasupe ameneyu. Lero palibe akuthamangira kasupe, koma chozizwitsa tikuchifunabe, cha m'botolo, makamaka miyezi yozizira ino pamene khungu latuwa ndipo kachipsera kalikonse kakuonekera patali.

Zimene ndimaona pakati pa ife Amalawi okhala kuno zimandidetsa nkhawa. Wina ali ndi madontho akuda osiyidwa ndi ziphuphu, kapena chipsera cha opaleshoni yobereka, mnzake n'kumunong'oneza kuti, "Asisi, pali mafuta enaake, sabata ziwiri zokha zonsezi zibalalika." Mafutawo amafika m'chikwama cha wochokera kumudzi, opanda ndi pepala lomwe lofotokoza za m'kati mwake. Ambiri mwa mafuta oyeretsa khungu oterewa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid. Mayiko a European Union analetsa hydroquinone m'mafuta oyeretsa khungu kuyambira 2001, ndipo sanaletse mwachibwana. Munthu akadzola nthawi yaitali khungu limatha kuda kuposa kale, kuda kwake kovuta kuchotsa. Steroid naye amapyapyalitsa khungu mpaka kabala kakang'ono kamachedwa kupola.

Zothandiza zenizeni n'zotchipa, vuto lake n'loti sizifulumira. Kunja mphepo ndi yozizira, m'nyumba ma radiator aumitsa mpweya, ndiye khungu limayabwa. Ukakanda, pakhungu lakuda ngati lathuli pamatsala dontho lomwe limatha miyezi lisanazimirire. Choncho ntchito yoyamba ndi kusapanga zipsera zatsopano. Sambani madzi ofunda, osati otentha kwambiri, ndipo musachedwemo. Dzolani mafuta okhuthala thupi lisanaumiretu. Vaseline yemwe amayi athu ankatipaka m'mawa wa mu June tikamapita kusukulu akugwirabe ntchito yake bwinobwino. Ziphuphu musafinye, nkhanambo musamatule.

Ambirife tinakula tikumva kuti bala lizipitidwa mphepo kuti liume msanga. Madokotala a khungu amanena zina: tsukani bala ndi madzi oyera, pakani Vaseline, mangani, chifukwa bala losauma kwambiri limapola bwino ndipo chipsera chake chimachepa. Likatsekeka, ku famase kuli silicone, wopaka ndi womata. Ameneyu amafunika tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chipsera pachokha chimatenga chaka, mwina ziwiri, kuti chifewe ndi kuzirala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chipsera china chotukuka, chomwe chimakula kupitirira pamene panali bala, kawirikawiri pakhutu pomwe anaboola ndolo, pachifuwa, paphewa kapena m'chibwano mwa abambo ometa ndevu. Madokotala amachitcha keloid, ndipo chimakonda anthu akuda. Ichi palibe mafuta ochichotsa. Pitani kwa dokotala wanu wa nthawi zonse, GP, akutumizeni kwa dokotala wa khungu, amene nthawi zambiri amabaya jakisoni pachipserapo. Kungochidula kokha chimabwereranso, mwina chokulirapo. Ndipo inu ogona mutakumbatira botolo la madzi otentha, likulungeni ndi nsalu. Kutentha kwa usiku ndi usiku kumasiya mawanga ngati aja a m'miyendo mwa agogo okonda kuwotha moto.

Koma nkhani ya khungu siyenda yokha. Munthu amene mtima wake walemera ndi amene amaima pagalasi nthawi yaitali, kufinya nkhope, kudziona wonyansa, kenako n'kusiya kupita kumene kuli anzake. Cha pa 21 December kuno dzuwa limatuluka 8:30 m'mawa itadutsa, n'kulowa 4 koloko itangokwana kumene. Amenewo ndi maola asanu ndi awiri ndi theka basi, pamene kwathu, ngakhale mu June, usana umapitirira maola 11. Abale athu ambiri osamalira okalamba amachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerako kuli mdima. Ogwira usiku ndiye amagona maola ochepa omwewo a kuwala. Zotsatira zake ndi tulo tosatha, njala ya zotsekemera, kusafuna kuyankha foni, kulira popanda chokuliza. Madokotala amalidziwa vutoli, amalitcha seasonal affective disorder. Ife timathamangira kunena kuti ndi ulesi, kapena kuti munthu wafooka m'mapemphero. Kutero n'kulakwira munthu wodwala.

Ine chimene ndimakhulupirira kwambiri ndi kutuluka panja masana. Valani jekete, yendani theka la ola mu Griffeen Valley Park kapena m'mbali mwa Liffey ku St Catherine's Park. Ngakhale kutachita mitambo, kuwala kwa panja kumaposa kutali kwa babu la m'chipinda. Musaiwalenso vitamini D. Mu 2023 bungwe la Food Safety Authority of Ireland linalangiza achinyamata ndi akuluakulu kumwa mamaikologalamu 15 tsiku lililonse, ndipo kwa a khungu lakuda linati chaka chonse, chifukwa dzuwa la kuno silitikwanira ngakhale m'chilimwe.

China ndi anthu. Mwaphika nsima Loweruka, itanani mnzanu wa ku Adamstown kapena ku Clondalkin adzadye nanu, basi zilipo. Amene wasowa kutchalitchi kapena kumzikiti masabata angapo, musangomutumizira uthenga pa WhatsApp n'kukhutira akayankha kuti "ndili bwino". Kamuoneni.

Ngati kukhumudwa kwakugwirani pafupifupi tsiku lililonse kwa sabata ziwiri, kauzeni GP monga mmene mungamuuzire za chifuwa. Ndipo usiku ukatalika, maganizo oipa n'kuyamba kukuzungulirani, chonde imbani 116 123. Ndi nambala ya a Samaritans, ndi yaulere, ndipo amayankha usana ndi usiku.