Dzina la agogo si chiphaso cha utsogoleri

Dziko la Greece limatamandidwa kuti ndi kumene demokalase idabadwira, koma chithereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mpando wa nduna yaikulu wakhala ukubwererabwerera kwa mabanja atatu: a Papandreou, a Karamanlis ndi a Mitsotakis. Ine ndikuti mchitidwewu ndi woipa, ndipo mbiri ya a Papandreou ndiyo umboni wanga.

Georgios Papandreou adakhalapo nduna yaikulu mu 1944, nabwereranso mu 1963. Mwana wake Andreas adakhazikitsa chipani cha PASOK mu 1974, boma la asilikali litangogwa, ndipo adalamula kuyambira 1981 mpaka 1989, kenaka 1993 mpaka 1996. Zabwino zake sindizikana: mu 1983 boma lake lidakhazikitsa dongosolo la zipatala zothandiza aliyense, olemera ndi osauka omwe. Koma ngongole za boma zidakwera kwambiri m'nthawi yake, ntchito za m'boma zikuperekedwa kwa otsatira chipani.

Mdzukulu, George, adapambana mu 2009 atauza anthu pa kampeni kuti ndalama zilipo. Yemwe adamugonjetsa anali Kostas Karamanlis, mwana wa mng'ono wake wa Konstantinos Karamanlis, nduna yaikulu yakale. Koma m'thumba la boma mudapezeka mutauma gwa. Mu 2010 Greece idakongola mayuro 110 biliyoni kwa maiko a ku Ulaya ndi bungwe la IMF, malipiro ndi penshoni zidadulidwa, ndipo George adatula pansi udindo mu 2011. Chipani cha PASOK chidatsika kuchoka pa mavoti pafupifupi 44 pa 100 alionse mu 2009 kufika osakwana 5 mu 2015.

Mwana wa mtsogoleri ali ndi ufulu wopikisana nawo, ndipo mavuto onsewa sadayambitse ndi George yekha. Chimene chimandiwawa n'chakuti chipani chikasanduka munda wa makolo, a m'katimo amaopa kufunsa za ndalama, ndipo mwana waluso wa mlimi kapena wa msodzi safika patsogolo. Komabe mu 2019 a Greece adasankha Kyriakos Mitsotakis, mwana wa Konstantinos Mitsotakis yemwe adalamula kuyambira 1990 mpaka 1993.

Nafenso kuno maina ena tawaona akubwerera pa pepala lovotera. Inu ovota, musanachonge funsani kuti munthuyo wachita chiyani ndi manja ake, osati kuti ndi mwana wa yani.