Adalaivala, tayala limenelo linatha kale

Khalani ola limodzi chabe pa steshoni ya maminibasi ku Kapata, mudzaphunzira za matayala osalipira fizi. Dalaivala aliyense ndi katswiri. Uyu ati tayala losalala ndilo limagwira bwino pa tala. Uyo ati la salaula lochokera ku Japan liposa latsopano la m'shopu. Winanso ati kukatentha uzichotsako mpweya kuti lisaphulike. Ife timangogwedeza mutu, kulipira, n'kukhala pamwamba pa mabodza amenewo mpaka ku Lundazi.

Za mpweyazi ndizo zimandiopsa kwambiri. Tayala likayenda pa msewu wotentha mpweya umakwera, inde, ndipo opanga anawerengera kale zimenezo. Mukaima pa Luangwa Bridge mu Okutobala n'kuuchotsako, tayala limayamba kupindikapindika m'mbali, limatentha kuposa poyamba, mpaka mphira n'kulekana ndi mawaya a m'kati. Kuphulika kumene mumathawako mwakuitana nokha. Mpweya amayeza m'mawa, motoka isanayende.

Nanga za Japan? Sindinyoza munthu wogula salaula. Mafuta akwera, abwana afuna ndalama yawo madzulo aliwonse, tayala latsopano ndi lodula. Koma tawerengani zimene zalembedwa m'mbali mwake. Ena mwa matayala amene amabwera ndi motoka za ku Japan analembedwa STUDLESS, kapena ali ndi chithunzi cha kaphiri ka nsonga zitatu. Amenewo anapangidwira chisanu cha ku Hokkaido, kumene madzi amauma gwaa pa msewu. Mphira wake ndi wofewa. Pa Great East Road amatha msanga, ndipo mukaponda mabuleki mvula ikugwa motoka imapitirira pamene munafuna kuima. Mizere yake yakuya ija ndiyo imanamiza ogula.

Tayala limanenanso msinkhu wake. Pali manambala 4 pamodzi: 2317 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Mphira umakalamba ngakhale tayala lili gone m'kontena, ndipo opanga ambiri amati likafika zaka 10 lichotsedwe, kaya mizere ikalipo. Wogulitsa sadzakuonetsani nambala imeneyi. Adzalipaka polishi.

A tayala losalala aja amakonda kutchula Formula 1. Muwafunse zimene zimachitika kumeneko mvula ikangowaza: onse amathamangira kukasintha. Mizere ndi ngalande zotulutsira madzi. Ikatsika kufika pa mamilimita 1.6, pamene timizere topingasa ta pansi timalingana ndi pamwamba, madzi a mu Januwale amasowa kopita ndipo tayala limayandama. Chiwongolero chimapepuka m'manja, mabuleki osagwira, inu muli anthu khumi ndi angapo kumbuyo ndi matumba a nshawa.

Pamodzi pokha ndimawavomera: m'mchenga kapena m'matope a misewu ya kumidzi ku Chadiza, kuchotsako mpweya pang'ono n'kuyenda pang'onopang'ono kumathandiza. Koma ndi angati amapopanso akabwerera pa tala?

Mwezi watha ndinazungulira minibasi ndisanakwere. Tayala la kumbuyo linali ndi chotupa chonga dzira, waya ali pamtunda. Nditaloza, kondakitala anaseka: "Akulu, mwalembedwa liti ntchito ku RTSA?" Okwera nawonso anaseka. Ndinatenga chola changa n'kudikira ina. Mayi wina wobereka mwana analowa pa mpando wanga uja, pamwamba penipeni pa tayalalo.