Musanatsitse injini ya 3L m'pikapu yanu, tamvani za ine

Funso ili likubwerabwera m'gulu muno: pikapu yakale ikufooka pamtunda ikasenza katundu wa ku Joni, kodi ndiikemo injini yaikulu? Ena akuti 1KZ, ena mpaka V8 ya Lexus. Ine ndikuti kwa munthu amene galimoto yake ndi yodyera, yodutsa maboda mwezi ndi mwezi, kusintha kumeneku kawirikawiri n'kutaya mpamba. Ndikulankhula ngati munthu amene zinandionekera.

Hilux yanga inabwera ndi 3L, injini ya dizilo ya 2.8 yopanda turbo. Ulesi wake mukuudziwa. Kuchoka ku Tete kukwera ku Zobue ndinkayenda ndi giya yachiwiri, mabasi akundipitirira ngati ndaima. Makaniko wina ku Joni anandikopa ndi 1KZ-TE, ya 3.0 ya turbo, yobwera kuchokera ku Japan. Mwezi woyamba ndinkadzimva ubwana. Popeza galimoto inkakoka bwino, ndinayamba kuwonjezera katundu. Poyamba linathyoka tsamba la sipuling'i yakumbuyo. Kenaka kilatchi inayamba kununkha. Paulendo wachinayi, dzuwa la ku Tete lili phwee, injini inawira, mutu wake n'kung'aluka. Makaniko uja anasiya radiyeta yakale, ine osafunsa. Ndinagona pamsewu masiku atatu ndikulondera katundu wa eni, foni ikungolira, makasitomala akufunsa ngati ndawathawira ndi ndalama zawo. Awiri sanabwererenso kwa ine mpaka lero.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti injini siisenza katundu, imangokoka. Osenza ndi chasisi, masipuling'i, difu ndi matayala. Woimitsa ndi mabuleki. Zonsezi a fakitale anaziyeza mogwirizana ndi injini imene galimoto inabadwa nayo, ndipo kulemera kovomerezeka analemba pa kachitsulo kamene kali pagalimoto yanu. Mukaika V8, nambala imeneyo siisintha. Ulesi wa 3L uja unkanditeteza osadziwa: unkandiuza kuti katundu wachuluka. Injini yamphamvu imakubisirani zimenezo pokwera, n'kudzakuululirani potsika. Amene munatsikapo Chiweta kapena Golomoti mutadzaza mukudziwa kuti pamenepo moyo wanu uli m'manja mwa mabuleki, osati turbo.

Chachiwiri ndi mtengo wobisika. Mtengo umene amakuuzani ndi wa injini yokha. Koma 1KZ-TE pampu yake imayendetsedwa ndi kompyuta, ndiye pafunika bokosi lake ndi mawaya ake. Pafunikanso radiyeta yaikulu, kilatchi yolimba, zomangirira injini zatsopano, ekizozi, ndipo nthawi zambiri giyabokosi ina. V8 ya Lexus, imene amaitcha 1UZ, ndi ya petulo ya 4.0. Ku Joni anyamata amaikonda chifukwa ndi yolimba ndiponso ikulira mokoma, koma inu werengani mtunda wochoka ku Johannesburg kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, kupita ndi kubwera, muone ngati phindu la mabulangete ndi zodzoladzola lingakwanire petulo ameneyo. Ganizaninso izi: 3L ikavuta pa Masvingo kapena pa Moatize, makaniko wa pansi pa mtengo aikonza. Galimoto yosakaniza zida, mawaya ake amawadziwa ndi amene anawalumikiza yekha, ndipo iye ali kutali.

Chachitatu, chimene chimatikhudza ife kuposa wina aliyense, ndi mapepala. Nambala ya injini inalembedwa mu blue book, ndipo ndi imene imayenderanso pa mapepala a apolisi otulutsira galimoto kunja. Wapaboda akatsegula boneti n'kupeza nambala ina, sayamba ndi kuganiza kuti munakonzetsa galimoto, amayamba ndi kuganiza kuti mwaba. Ku South Africa kusintha injini kumafuna chilolezo cha apolisi ndi kukonzanso kalembera wa galimoto. Kwathu pitani ku Road Traffic akasinthe zimene zili m'buku musanayambe ulendo. Musagule injini yopanda lisiti losonyeza nambala yake, ngakhale itchipe bwanji, chifukwa zina zimachokera m'magalimoto obedwa. A inshuwaransi auzeninso, kuopa kuti tsiku la ngozi angadzakukaneni.

Wina anena kuti, "Achimwene, nanga injini ikafa tizingokhala?" Ayi. Sindikuletsa kusintha injini, ndikuletsa kulumpha. Ngati 2L kapena 3L yatha, ikanimo 5L ya 3.0. Ndi banja limodzi, imakhala pamalo omwewo popanda kudula kapena kuwotcherera zambiri, maspeya ake ali ponseponse. Mungofunsa ngati ndi 5L wamba kapena 5L-E, chifukwa yachiwiriyo ndi ya kompyuta. A Nissan Hardbody muli ndi mwayi wofanana pochoka pa TD27 kupita pa QD32. Ngakhale pamenepo mapepala ayambe.

Ndipo musanaweruze kuti injini yafa, pimitsani kompuresheni, manozulo, pampu ndi sefa ya mpweya. Injini zambiri zimene timaziti zatopa zimangofuna ovaholo yabwino, ndipo ovaholo siisintha nambala.

Koma ngati vuto lenileni ndi lakuti katundu wakula kuposa galimoto, thokozani Mulungu, bizinesi yakula. Mankhwala ake si injini. Sonkhanitsani ndalama ya injiniyo, gulitsani pikapu, mugule Dyna kapena Canter imene inapangidwira matani amenewo. Kapena gawanani thiraki ndi anzanu mpaka mpamba utakwana.

Ine ndinabwezeramo 5L, ndinakonza buku, ndipo ndimanyamula zimene kachitsulo kaja kamanena. Pokwera ku Zobue mabasi amandipitirirabe, koma katundu wa anthu amafika tsiku limene ndinalonjeza. Amene munaika injini yaikulu zinthu n'kukuyenderani bwino, tiuzeni zonse zimene munasintha ndi ndalama zimene zinalowa, kuti mnzathu wofuna kuyesa awerengere bwino asanatsitse yake.