Ophunzira ziwerengero akatsegule kope la mvula

Pa maofesi ambiri a zaulimi kumidzi kwathu kuno pali kope limene anthu saliganizira kwenikweni. Panja pamakhala kachitini kolandira mvula, ndipo m'mawa wina amayenera kukhuthulira madziwo m'kabotolo ka mizere, n'kulemba mamilimita ake m'kopemo. Makope ena ndi akalekale, ena ananyowa, ena chiswe chinalawako. Uku ku Zomba, ku Bunda, ku Blantyre ndi ku Mzuzu achinyamata akutuluka thukuta ndi phunziro la statistics, kawirikawiri pa manambala ochokera m'mabuku a kunja: ndalama yoponyedwa m'mwamba maulendo 100, mipira yofiira ndi yoyera ya m'thumba, malipiro a antchito a fakitale imene palibe anaionapo. Akakhoza mayeso amaiwala zonse, ndipo sindiwadzudzula.

Maganizo anga ndi akuti wophunzira aliyense wa phunziroli, asanavale gauni, akhale atagwirapo ntchito ndi anthu a dera limodzi pa funso limene anthuwo ali nalo, pogwiritsa ntchito manambala a mvula, madzi, mitengo kapena nsomba za komweko.

Tiyambe ndi kope lija, chifukwa ndi mphunzitsi wankhanza kuposa lekichala aliyense. Wophunzira akalitsegula apeza masiku atatu a mu Januwale opanda kanthu. Kodi mvula sinagwe, kapena woyeza anapita kumaliro? Akalemba 0 pamalo amenewo ndiye kuti wapanga ng'amba imene mwina kunalibe. Akawadumpha, chiwerengero cha mwezi wonse chapunguka. Apezanso kuti Lolemba mvula imaoneka yambiri modabwitsa, osati chifukwa mitambo imadziwa kalendala, koma chifukwa ya Loweruka ndi Lamlungu inadikirira m'chitini mpaka ofesi itatsegulidwa. Akayang'anitsitsa aona manambala othera ndi 0 kapena 5 akuchuluka kuposa ena onse, chizindikiro choti diso la woyeza linkafupikitsa ntchito. Penanso inki yasintha, dzanja lasintha, kapena chitini chinasamutsidwira pafupi ndi mtengo wa mango. M'buku la m'kalasi zonsezi zimathera m'ndime imodzi. Kumudzi zimadya sabata zathunthu, ndipo wophunzira amakakamizika kukagogoda kwa alangizi amene anapuma ntchito kuti, "Bambo, chaka chimenechi chinachitika n'chiyani?"

Ndiye pali nkhani ya avareji, imene timaikonda kwambiri. Mukauza mlimi wa ku Balaka avareji ya mvula ya chaka chonse, adzakuthokozani mwaulemu n'kubwerera kumunda osapindula kanthu. Iye akufuna kudziwa zina: mvula yobzalira imayamba liti, kusiyana ndi chizimalupsa chimene chimanyenga osapirira? Mwa zaka 10, ndi zingati zimene ng'amba imagwa chimanga chikumasula? Zaka ziwiri zikhoza kulandira mamilimita ofanana, china anthu n'kudzaza nkhokwe, china n'kugona ndi njala. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anakhuthula madzi osaneneka m'masiku ochepa ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Chaka chotsatira El Niño anabweretsa ng'amba pakati pa dzinja, moti mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene angowerenga chiphatikizo cha pachaka sangaone bwino chimene chinapha mbewu m'zaka ziwirizi. Kuti ayankhe mlimi, wophunzira ayenera kukhala naye pansi n'kugwirizana kaye kuti ng'amba ndi masiku angati opanda mvula. Akatero wayamba kuwerengera mwayi woti chinthu chichitike, mutu womwe uja amauzemba m'kalasi.

Izi si maloto. Njira yotchedwa PICSA, imene inakonzedwa ku University of Reading ku Britain, yagwiritsidwapo ntchito m'dziko muno, kuphatikizapo ku Balaka. Alangizi amaonetsa alimi zithunzi za mvula ya zaka zambiri zapitazo, alimi n'kumawerenga okha zaka zabwino ndi zoipa, kenaka n'kusankha mbewu. Ngati agogo amene analekezera sitandade 4 akutha kuwerenga galafu yotereyi, mdzukulu wawo wa chaka chachiwiri ku yunivesite angalephere bwanji kuijambula?

Madzi akumwa nawo ali ndi phunziro lawo. Tumizani ophunzira kuti akayeze madzi a m'mijigo 30 ya m'dera la mfumu yaikulu, osawauza kasankhidwe kake. Ndikulumbira, adzabwera ndi ya m'mbali mwa msewu yokhayokha, kumene kabaza amafika. Zitsime za kuseri kwa phiri, kumene vuto limakhala lalikulu, sizidzaoneka m'lipoti. Kuyambira tsiku limenelo sadzafunanso kuloweza chifukwa chimene timasankhira mwamaere. Kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho funso loti anthu amatunga kuti madzi mjigo ukafa si la masewera. John Snow, dokotala wa ku London, amakumbukiridwa chifukwa cholemba pa mapu nyumba za omwalira ndi kolera mu 1854, n'kuona kuti zaunjikana mozungulira pampu imodzi ya mu Broad Street. Analibe kompyuta. Ana athu ali ndi mafoni, ndipo pulogalamu ya R ndi yaulere.

Nyanja ya Chilwa ingawaphunzitsenso kudzichepetsa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Pali chilakolako chonena msanga kuti imauma pakapita zaka zakutizakuti, koma zochitika zowerengeka pa zala sizikwana kumangirapo lamulo. Kunena zimenezi pamaso pa asodzi a matemba a pa Kachulu, amene akufuna yankho lachindunji, kumafuna kulimba mtima.

Pali mbali imene ndimaopa, ndipo ndi yaikulu. Anthu akumidzi atopa ndi alendo a mafomu ndi matabuleti. Amabwera, amafunsa kuti mumadya kangati, chimbudzi muli nacho, n'kukwera galimoto osaonekanso. Ngati yunivesite ingowonjezera gulu lina la ofunsa mafunso, ndiye kuti yasandutsa mudzi munda wokololamo madigiri. Funso lichokere kwa komiti ya mjigo, kwa alangizi a zaumoyo, kwa a m'kalabu ya alimi. Zotsatira zibwerere komweko, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, pansi pa mtengo, amfumu ali pomwepo. Ndikanakhala wopereka malikisi, gawo lalikulu ndikanalisungira tsiku limenelo. Wophunzira amene sangathe kufotokozera mayi wotunga madzi tanthauzo la nambala yake ndiye kuti iye mwini sanaimvetse.

Pafunikanso diso la mphunzitsi. Mwana wa chaka chachiwiri akalakwitsa n'kulengeza kuti chitsime cha pakhomo pa auje ndicho chikudwalitsa ana, wayatsa moto umene iye sadzakhalapo pouzimitsa. Chilichonse chiyambe chaunikidwa, maina a mabanja asatuluke, ndipo nkhani ya matenda idzere kwa a zaumoyo.

Ena adzati ndalama kulibe, makalasi ndi odzaza, basi ya sukulu ilibe mafuta. N'zoona, ndipo mphunzitsi amene angadzipereke chonchi sakwezedwa nazo pantchito, poti kumeneko amawerenga kwambiri mapepala osindikizidwa. Komabe si ntchito yonse yofuna basi. Mitsinje ya Likangala ndi Mulunguzi imadutsa mumzinda wa Zomba momwe muli University of Malawi, ndipo likulu la National Statistical Office lilinso momwemo. Mtsinje wa Mudi, ndi zonse zimene umanyamula, uli mkati mwa Blantyre. Gulu la ophunzira asanu, kope limodzi la mvula loti alilowetse mu kompyuta, ndi tsiku lokatula zotsatira kwa eni ake, ndi zokwana semesita yoyamba. Gulu la chaka chamawa lidzayambira pamene anzawo analekezera, ndipo ofesi ya zaulimi idzatsala ndi manambala ake pamalo awiri.